Tsiku limene amayi anatembenuza phiri

Pa ukwati wanga anandiimira nkhoswe wobwereka. Anali mkulu wa mpingo, munthu wabwino, atavala jekete limene ndinachita kumuchepetsera ndekha manja, koma magazi ake ndi anga sanakumanepo paliponse. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mtsikana akamalowa m'banja womuimira amakhala amalume ake kapena munthu wina wa mbumba ya amayi ake. Ine ndinalibe amalume, ndinalibe mlongo, ndinalibe ngakhale wachibale wapatali woti n'kumuveka tayi. A kuchimuna atafunsa kuti mwinimbumba ndi uti, pabwalo panangoti zii, mpaka mkulu wa mpingo uja anatsokomola n'kunena kuti ndi iyeyo. Ukwati unayenda bwino, anthu anavina, koma ine chinandiwawa, ndipo ndikachikumbuka chimandiwawabe.

Amayi anga anachokera kutsidya, ku Mozambiki, nthawi ya nkhondo, ali mtsikana. Zimene ndinkadziwa za iwo ndi zokhazo. Anakwatiwa ndi abambo anga amene ankagwira ntchito ku esiteti, nawonso anathyola tiyi mpaka zala zinapindika, anabereka ine ndekha, kenako abambo anatisiya. Ukawafunsa za kwawo ankati, "Kwathu ndi pano ndakhala." Ukakakamira, ankakutuma kuti ukaone nandolo pamoto, ngakhale pamoto palibe chilichonse.

Musaganize kuti amayi ndi munthu wofatsa. Ayi ndithu. Amayi amakangana ndi wogulitsa chinanazi, amakangana ndi nkhuku za aneba, ndipo ulaliki ukatalika amausa moyo mokweza moti abusa amamva ali kuguwa. Pakamwa pawo sipagwa ntchentche. Nkhani imodzi yokhayi ndi imene inkawatseka pakamwa. Kutsidya kunkangotulukira mwangozi, monga akakwiya n'kutchula chitenje kuti kapulana, kapena akamakalipira mbuzi m'Chilomwe poganiza kuti palibe akumva.

Ndiye mwana wanga woyamba, mtsikana, anabwera tsiku lina akuyang'ana pansi n'kundiuza kuti pali mnyamata wina wa ku Thyolo amene akufuna kutumiza a kwawo mvula ikadzatha. Ndinasangalala, ndinalulutira, koma ndisanamalize n'komwe ndinakumbukira ukwati wanga. Ndinaona ndikupitanso kukagogoda pakhomo pa mkulu wa mpingo kukabwereka munthu ngati khasu. Ndinapita kwa amayi n'kuwagwadira.

"Amayi, mdzukulu wanu akukwatiwa. Kodi kwanuko kulibe ngakhale munthu mmodzi?"

"Iwe unakwatiwa, banja lako likugwa?" anandiyankha choncho, n'kupitiriza kusenda chinangwa.

Nthawi imeneyo ndi imene anabwera a ku yunivesite. Ine ndine telala, ndimasokera pakhonde la golosale ina ku Likhubula, pafupi ndi pamene anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phiri amadikirira ntchito. Tsiku lina panaima galimoto, munatuluka mayi wamfupi, wometa tsitsi, atakoleka chikwama chachikulu kuposa iyeyo, ndi bambo wina wamtali wamagalasi amene matumba ake onse munkatuluka timawaya. Anandipatsa moni bwinobwino n'kunena kuti amaphunzitsa zojambula ndipo abwera ndi kafukufuku.

Nditamva mawu akuti kafukufuku ndinangoti mumtima, afikanso. Ife kafukufuku timamudziwa. Amabwera ndi mapepala, amakufunsa kuti umadya kangati patsiku ndiponso ngati uli ndi chimbudzi, kenako amakwera galimoto osaonekanso. Ndinawauza choncho, popeza ndine mwana wa amayi anga. Mayi uja anaseka n'kunena kuti iwo alibe mafunso, abwera ndi mipeni. Anati akufuna aone kuti anthu amene nthawi zonse amangolembedwa m'mabuku ndi ena, atapanga okha buku lawo, lingatuluke lotani. Buku lake silikhala la mapepala koma la nsalu. Munthu aliyense asema chithunzi chake pa labala, apaka inki, adinda pa nsalu, ndipo nsalu imeneyo ikhala tsamba lake. Bambo wa mawaya anawonjezera kuti pali ulusi wina umene umayenda magetsi, ndipo ukausokerera pa tsamba, munthu akakhudza ndi chala, nsaluyo imayankhula mawu a mwini tsamba.

"Nsalu kuyankhula?" ndinafunsa.

"Ikasokedwa bwino," anatero. "N'chifukwa chake tikufuna atelala."

Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Awa anadza nato tambiri, m'kabokosi. Ndinavomera chifukwa cha chidwi, komanso chifukwa sindikanalola kuti nsalu yoyankhula isokedwe ndi telala wa ku Chitakale ine ndilipo.

Tinkakumana Loweruka m'holo ya tchalitchi. Kunkabwera azimayi othyola tiyi, anyamata ena onyamula katundu, mkazi wa mwini golosale amene ndi Msilamu, ndi bambo wina wogulitsa mbande. Amayi sindinawaitane, podziwa kuti ukawaitana amakana. Ndinangonena pakudya kuti kuholo kuli zinthu za anthu ophunzira zimene iwo sangazimvetse. Loweruka m'mawa ndinawapeza atafika kale, atakhala pa benchi ya kutsogolo.

Aphunzitsi aja, pakuti mayi uja tonse tinkangomutchula choncho, atatambasula mpukutu wa bafuta woyera mbee, amayi anagwira pakamwa.

"Kodi mwatibweretsera nsanda tisanafe?"

Aphunzitsi anaseka mpaka anakhala pansi, misozi ili mbwe. Kuyambira pamenepo awiriwo anagwirizana ngati anabadwira nyumba imodzi. Amayi ankawatchula kuti mwana wa sukulu uja, ndipo ankawabweretsera nyemba za kalongonda m'kambale ati chifukwa anthu a m'tauni amadya mphepo.

Ntchito yake inali yokoma, abale. Labala wake ndi wofewa ngati pansi pa patapata watsopano, ndipo timipeni take tili ndi kukamwa kopindika koti tikalowa timatulutsa kachingwe ka labala kopotana. Pamene wagoba pamakhala poyera, pamene wasiya ndi pamene pamagwira inki. Ukamaliza umayendetsa kachigudumu ka inki pamwamba mpaka kakulira ngati mafuta m'chiwaya, n'kuyala nsalu, n'kuitikita kumsana ndi supuni. Kenako umagwira pangodya n'kusenda pang'onopang'ono. Pamenepo ndi pamene anthu akuluakulu ankasanduka ana. Aliyense akamasenda nsalu yake tonse tinkasiya zathu n'kumuzungulira, mpweya titaugwira.

Wina anasema dengu la tiyi, wina chinanazi. Mkazi wa mwini golosale anasema ketulo yake. Mnyamata wina wonyamula katundu, wanthabwala kwambiri, anadzisema yekha atasenza chikwama, mlendo wake ali m'mbuyo akukwawa, lilime lili panja. Mayi wina anasema mwamuna wake ali mtulo pansi pa mtengo, khasu lili poteropo, ndipo anati tsamba limenelo akalipachika pabalaza kuti mwini wake azidziona. Tinkabwerera kunyumba inki ili m'mphuno, m'makutu, ndi pa zitenje zathu za kutchalitchi.

Ine nkhondo yanga inali ndi ulusi wa magetsi uja. Ndi wotuwa, wokhakhala, ndipo makina anga anaukana ngati mwana akukana mankhwala. Unkaduka, unkapota mfundo, unkandidyera singano. Bambo wa mawaya ankaima pambali panga akundiuza kuti mizere iwiri isagundane, ine ndikumuuza kuti andichokere pa kuwala. Pomaliza tinagwirizana kuti ulusi umenewu uzikhala wa pansi, pamwamba ndiziika wamba, ndipo makina anavomera. Iye analumikiza kabatire ndi kasipika kakang'ono ngati chitsekerero cha botolo, n'kuzibisa m'thumba limene ndinasokerera kuchikuto. Tsamba loyamba kuyesa linali la mnyamata wanthabwala uja. Mayi wina atakhudza chikwama cha pachithunzi, nsalu inati, "Bwana, tatsala pang'ono kufika," m'mawu ake enieni. Azimayi anabalalika, benchi inagwa, wina anatulukira pakhomo akuitana Yesu. Amayi okha sanasunthe. Anangoti, "Ufiti wa kusukulu umenewu, koma ndi waukhondo."

Pali chinthu chimodzi chimene aphunzitsi anatichenjeza tsiku loyamba lomwe. Anati chimene wasema chimatuluka pa nsalu chotembenuka ngati pa galasi, cha kumanzere chimapita kumanja. Pa chinanazi kapena ketulo zilibe kanthu, koma ngati ukufuna chinthu chiyang'ane mbali yake yeniyeni, uyenera kuyamba wachijambula papepala n'kuchitembenuza. Pamene ankanena zimenezi amayi anali panja akukangana ndi mayi wogulitsa nthochi. Atanena kuti iwo asema phiri, ndinayesa kuwafotokozera.

"Amayi, muyambe mwajambula papepala, chifukwa zimatuluka chotembenuka."

"Iwe ukandiphunzitse phiri ine? Ndathyola tiyi pansi pa phiri limeneli iwe usanamere mano."

Ndinawasiya. Anatenga labala wawo n'kukakhala panja pansi pa mtengo wa mango, atayang'anizana ndi phiri, n'kumasema chimene maso awo ankaona: mutu wa phirilo, wotchedwa Chambe, kumanzere, msana wautali ukutsetsereka kupita kumanja. Anatenga Maloweruka angapo. Zala zawo zopindika ndi tiyi zija zinkagwira kampeni bwino kuposa zathu, ndipo anagoba ngakhale timizere ta madzi otsika m'matanthwe nthawi ya mvula. Za mawu anakaniratu. Bambo wa mawaya atabwera ndi kabokosi kake kojambulira mawu, anamuuza kuti iwo sanafike poyankhula ndi nsalu, anthu oyankhula nawo akadalipo.

Tsiku lodinda tsamba lawo kunali kutagwa chifunga cha chiperoni, ndipo chinali chikungoyamba kuyera. Anapaka okha inki, ine ndinayala bafuta, iwo anatikita ndi supuni ngati akusisita mwana wodwala. Tonse tinawazungulira. Anagwira pangodya n'kusenda.

Phiri linatuluka lokongola, lakuda bii, timizere ta madzi tikuoneka tonse. Koma mutu unali kumanja, msana ukutsetserekera kumanzere.

Mnyamata wanthabwala uja ndi amene anayamba. "Amayi, mwatembenuza phiri! Nanga ife mawa tikwerera kuti ndi alendo?" Holo yonse inaphulika ndi phwete. Ine sindinaseke, ndinkadikira mvula yamatalala, chifukwa amayi kuwaseka pagulu ndi kuputa mavu. Aphunzitsi anathamangira ku chikwama chawo akunena kuti labala wina alipo, tiyambiranso, si vuto.

Amayi ananyamula nsalu ija n'kuitambasula patsogolo pawo, manja atawongola. Anaiyang'ana nthawi yaitali moti kuseka kunazima kokha. Ine ndinachita mantha, chifukwa amayi anga akukalipa ndimawadziwa, koma amayi anga ali chete sindinawaonepo. Aphunzitsi atatambasula dzanja kuti alandire nsaluyo, amayi anaibweza pachifuwa.

"Musalikhudze. Ili ndi phiri la kwathu."

Panalibe amene anamvetsa. Anabwerezanso, tsopano akuyang'ana ine.

"Tikatuluka m'nyumba mwa amayi anga m'mawa, linkaoneka chonchi. Mutu kudzanja ili, msana uku. Zaka zonsezi ine ndakhala ndikuliona kumbuyo."

Mnyamata uja, amene phiri analizungulira mbali zonse ndi alendo ake, anavula chipewa n'kunena motsitsa mawu kuti n'zoona, ukakhala kutsidya limaima choncho. Amayi anakhala pa benchi, nsalu ili pamiyendo, inki yaiwisi ikudetsa chitenje chawo, n'kufunsa bambo wa mawaya kuti, "Kabokosi kanu kaja kali kuti?"

Anayankhula. Anayamba m'Chichewa, kenako analowa m'Chilomwe, azimayi achikulire akundimasulira monong'ona pamene ndinkasochera. Anatchula dzina la mudzi wawo, limene ine ndinalimva koyamba tsiku limenelo ndili mayi wa ana akuluakulu. Anatchula mtsinje umene ankatunga madzi, dzina la amayi awo, ndi la akulu awo aakazi amene ankagona nawo mphasa imodzi. Ananena za tsiku limene mfuti zinalira anthu ali kumunda, mmene anathawira awiriwiri ndi akulu awowo, ndi mmene anatayanirana pa mtsinje anthu akukankhana powoloka. Iwo anawoloka, akulu awo sanawaonenso. Aphunzitsi anagwada pambali pawo n'kufunsa ngati azimitse kabokosiko. Amayi anati chisiyeni chimve. Atamaliza, aphunzitsi anati mawu onsewo ndi a amayi, ndipo m'buku mulowa okhawo amene iwo asankhe. Amayi anasankha ochepa: dzina la mudzi, ndi kaitanidwe kamene ankaitanira akulu awo akamachokera kumtsinje. Ine ndinalira mpaka inki ya m'manja inadzaza nkhope yonse, ndipo palibe amene anandiseka.

Pobwerera kunyumba ndinawafunsa chifukwa chimene sanapitireko nkhondo itatha, pamene anthu ambiri anabwerera.

"Ndikakhala kuno, onse ali moyo," anatero. "Ndikapita n'kukapeza tchire, ndiye kuti ndawapha ndekha."

Tinayenda mpaka pakhomo, ndipo ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Koma kudinda kuli ndi ubwino umodzi umene kujambula kulibe: labala mmodzi amabereka nsalu zambiri. Loweruka lotsatira amayi analamula kuti adinde zina. Imodzi inapita m'buku, ina anandiponyera pa makina.

"Pinda m'mphepete iyi, isamasosoke. Tikaone ngati phirilo likadali momwemo."

Tinanyamuka patangopita masiku ochepa, ine ndi iwo. Tinakwera minibasi mpaka ku Muloza, tinawoloka malire, kenako tinakwera njinga zamoto. Msewu wake unali wa fumbi ndi maenje, ndipo amayi anakangana ndi wowayendetsa kuyambira ponyamuka. Phiri linkatembenuka pang'onopang'ono kumanzere kwathu. Tikayenda kamtunda, amayi ankamenya mnyamatayo pamsana kuti aime, n'kutsika, n'kutambasula nsalu ija moyang'anizana ndi phiri. "Ayi, mutu sunafike. Tiyeni." Anyamata a njingawo poyamba ankayang'anana ngati anyamula wamisala, koma atamva nkhani yake analowa nawo m'masewerawo, moti ankaima okha n'kufunsa kuti, "Mama, apa bwanji?"

Ndinene zoona, phiri la kutsidya silifanana ndendende ndi la pa nsalu. Pali zitunda zina zimene kwathu sizioneka. Koma tinafika pamalo pena pamene mutu unaima kumanja, msana n'kugona kumanzere, ndipo amayi anatsitsa nsalu n'kunena kuti basi, kuchokera pano miyendo ikudziwa. Mudzi unali utasamukira pafupi ndi msewu. Pamsika tinafunsa, anatilozera kwa bambo wina wachikulire, ndipo iye atamva dzina la akulu awo a amayi anatiyang'ana nthawi yaitali n'kutiuza kuti timutsatire.

Tisanafike pakhomo tinayamba kumva mawu. Bambo wina wa msinkhu wanga anali ataima pa mpanda akukalipira mbuzi ya aneba imene inamudyera chinangwa, ndipo ankaiuza mbiri yake yonse kuyambira kwa agogo ake a mbuziyo. Ndinayang'ana chipumi chake, ndinayang'ana mmene ankagwedezera chala, ndipo ndinadziwa munthu asananene chilichonse. Amayi anaima pakati pa njira n'kuitana, kaitanidwe komwe kaja ka kumtsinje. Bamboyo anasiya mbuzi, anatembenuka, khasu linagwa m'manja.

Anali mwana wa akulu awo. Mayi ake anapulumuka tsiku lija, anabisala m'bango, ndipo nkhondo itatha anayenda m'misasa ya othawa kufunafuna mng'ono wawo osamupeza. Anamwalira zaka zingapo zapitazo. Koma ankawauza ana awo za kaitanidwe kameneko, ndipo ankati tsiku lina adzamva munthu akuitana choncho panjira. Tinapita kumanda, amayi anagwada, analira, anawakalipiranso akulu awo pang'ono chifukwa chosawadikira. Chisoni chinalipo, sindikana. Koma sitinapeze tchire. Tinapeza nyumba zitatu zodzaza ndi anthu a chipumi chathu, ndipo madzulo asanafike nkhuku ziwiri zinali zitataya moyo chifukwa cha ife. Bambo uja ankangondiyang'ana n'kumati, "Mlongo wanga, mlongo wanga," ngati akuyesa nsapato yatsopano. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Mwambi umenewu ndinkaumva kuyambira ndili mwana, koma unali wa anthu ena.

Buku lija linatha. Ndinalisoka ndekha, masamba onse, ndipo ndi lolemera moti polinyamula umachita kulikumbatira. A ku yunivesite analitenga kukalionetsa kwawo, ndipo ndinaganiza kuti basi lapita ngati mapepala a kafukufuku wina uja. Koma analibweretsanso, n'kuliyala patebulo m'holo momwe muja kuti mudzi wonse ulione. Anthu anaima pamzere kukhudza masamba. Mwamuna wogona pansi pa mtengo uja anabwera, anadziona, anakhudza, n'kumva mawu a mkazi wake akumudzutsa, ndipo anaseka kuposa tonse. Aphunzitsi anafunsa amayi ngati akufunabe kusema phiri lina loyang'ana mbali yolondola. Amayi anati lolondola ndi lomwelo. Atakhudza tsamba lawo n'kudzimva akuitana, anakwinya nkhope n'kuuza bambo wa mawaya kuti kabokosi kake kawaipitsa mawu, akumveka ngati khwangwala. Koma anakhudzanso kachiwiri, ndi kachitatu, mpaka wa pambuyo pawo anadandaula.

Mvula itatha, a ku Thyolo anatumiza uthenga kuti akubwera. Ife tinatumiza wathu kutsidya. Mlongo wanga anafika pa njinga yakapalasa, fumbi lili m'nsidze, kumbuyo atamangirira tambala ndi thumba la makaka, chinangwa chouma chija. Jekete anabwereka kwa mnzake wamtali, manja ake akuphimba zala, ndipo ndinamuvula pomwepo n'kukhala pa makina. Ndikupinda manja aja ndinakumbukira jekete lina limene ndinachepetsa zaka zambiri zapitazo, ndipo ndinachita kuimitsa makina kuti ndipukute maso.

Tsiku la chinkhoswe amayi anamanga nsalu ya phiri ija kumutu ngati duku, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza kuti anasema okha. Aphunzitsi anabwera, anakhala pamphasa ndi azimayi, akulimbana ndi chitenje chimene chinkangomasuka. Mkulu wa mpingo uja analiponso, wakalamba tsopano, atakhala pa mpando wa alendo olemekezeka popanda ntchito ina koma kudya. A kuchimuna anakhala mbali yawo, ndipo wamkulu wawo anaimirira, anapereka moni, n'kufunsa kuti mwinimbumba ndi uti.

Funso lisanathe n'komwe mlongo wanga anali ataimirira kale, mpando utagwa kumbuyo kwake.

"Ndine pano," anatero m'Chichewa chake cha kutsidya. "Mwanayu ndi wanga, ndi mwana wa mlongo wanga. Zonse muyankhule ndi ine."

Mwana wanga anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Ndisanayambe n'komwe kululutira, amayi anandigunda ndi chigongono n'kululutira okha m'malo mwa tonse awiri.